Mpando wa Pambali

Atelala sanaikonde galimotoyo kuyambira tsiku limene inalowa pageti. Inali yakale koma yolimba, ndipo ikanatha kugwira ntchito mmene inalili. Mwana wawo, bambo a Phwiti, ndiye sanakhutire nayo. Anaitengera kwa makaniko, anakainyamula bodi n'kuika zitsulo zonga zitini pakati pa bodi ndi chesisi, kenako n'kuiveka matayala ofika m'chiuno. Ati kuti izikwera bwino kuphiri, kumene banjalo linali ndi makola a nkhuku.

"Galimoto yofuna makwerero," anatero Atelala. "Bwanji sunangogula ngamila?"

Patapita nthawi bambo a Phwiti anawotcherera kachitsulo kopondapo ku chitseko cha pambali. "Aka ndakuikirani inu, amayi."

Atelala anathokoza, koma sanakwerepo. Anali ndi makina awo osokera m'chipinda cha kutsogolo, ndipo madiresi a anthu sadzisoka okha.

Ntchito ya nkhuku inagawidwa motere: bambo a Phwiti ankagwira ntchito ya mu ofesi, choncho kuphiri ankapita Loweruka lokha, okhaokha, kukaona mmene zinthu zikuyendera. Pakati pa sabata, wonyamula matumba a chakudya cha nkhuku anali mkazi wawo, make Phwiti, mayi wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Msewu wake unkadutsa pa maenje pamene oumba njerwa anakumba dothi. Mvula ikagwa pamenepo pankasanduka phala, ndipo munthu asanalowe ankayenera kukoka kandodo kakang'ono kamene kali pambali pa ndodo ya giya, kuti matayala onse anayi azikoka. Oyendetsa amangoti kulowetsa folo.

Mvula itakhazikika, make Phwiti anayamba kufika mochedwa, matope mpaka m'mawondo.

"Yatitimira pa maenje, amayi. Folo inangotuluka yokha ndili pakati. Ndikailowetsa ikukana, ikalola ikutulukanso."

"Ndiye mwachokamo bwanji?"

"Abambo a thirakitala aja andikoka."

Koyamba Atelala anati pepani. Kachiwiri anangoti mhm. Zitapitirira, anasiya kupalasa makina, nakweza magalasi, n'kumuyang'ana mpongozi wawoyo kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Miyendo inali matope okhaokha, koma manja anali oyera, akununkhira sopo amene m'nyumbamo munalibe.

"Sopoyu ngwakuti?"

"Anandipatsa madzi kuti ndisambe m'manja. Ndikanagwira chiwongolero ndi matope?"

"Ayi ndithu. Munthu wachifundo."

Wa thirakitalayo Atelala ankamudziwa, anamusokerapo mabuluku. Anali bambo wamtali, wa miyendo yodya nsalu, wosekaseka, ndipo mkazi wake anamwalira kale. Nyumba yake inali pamwamba pa maenje pomwepo.

Bambo a Phwiti anaitengera galimoto kwa makaniko. Makaniko anathira mafuta m'malo onse olumikizana, anamanga manati, anasintha kamphira kena kamene kanali katadyeka. Kenako anakwera awiriwo kukayesa pa maenje. Analowa, anatuluka, anabwereranso cham'mbuyo, kandodo kali chete pamalo pake.

"Galimoto ilibe mlandu, bwana," anatero makaniko.

Sabata yotsatira make Phwiti anatitimiranso.

"Ine ndimadutsa pomwepo Loweruka lililonse, ndekhandekha," anatero bambo a Phwiti patebulo. "Sinandichitepo zimenezo. Kodi imasankha anthu?"

Mkazi wawo anayamba kusonkhanitsa mbale. Atelala anadikira kuti atuluke ndi mbale, n'kumuitanira mwana wawo ku chipinda chosokera.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero. "Msewu wonsewo, galimoto izingofera pakhomo pa munthu mmodzi? Ndipo pokhapokha mkazi wako akakhala yekha? Ndangokuuza. Uganize."

Iwo ankayembekeza kuti mwanayo akwiya, awauza kuti akukalamba moipa. Koma anangogwedeza mutu.

"Inenso ndimaona choncho, amayi. Ikatitimiranso, asabwerere pano. Azipita kwawo."

Atelala anadabwa pang'ono. Nsalu inang'ambika sizasi isanafike. Koma anati mwina mwanayo wakhala akuvutika nazo mumtima.

Bambo a Phwiti anakamuuza mkazi wawo mawu omwewo. Make Phwiti sanalire. Anatsitsa chikwama pamwamba pa wodulopu, analongedzamo zovala zake, n'kuchiimika kuseri kwa chitseko. M'mawa anamusambitsa Phwiti, kamwana kawo ka sukulu, namuperekeza pageti ngati masiku onse. Atelala anachiona chikwamacho akusesa, ndipo chinawasowetsa mtendere. Sankakonda kudula nsalu asanayeze. Ngati mkaziyu achoke, mdzukulu wawo n'kukula opanda mayi pakhomo, ndiye kuti achoke iwo ataona ndi maso awo. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tsiku la ulendo wotsatira anavala epuloni yawo ya ntchito, natseka chipinda chosokera.

"Lero ndipita nawo. Nkhuku zimenezi ndimangozimva."

"Chabwino, amayi."

Anaponda kachitsulo kaja, nadzikoka ndi mphamvu, poti thupi lawo silinali la masewera. Atakhala, anangoti chagada. Mpandowo unali utakankhidwira m'mbuyo mpaka kumapeto, msana wake utagonekedwa.

"Pano amakhala ndani?"

"Sindidziwa, amayi. Ine ndimakhala kuno."

Miyendo yodya nsalu, anaganiza Atelala. Anaukokera mpandowo kutsogolo.

Atafika pa maenje, make Phwiti anaima, anakoka kandodo mpaka kanati gwa, n'kulowa m'matope pang'onopang'ono. Galimoto inapendekera uku, inapendekera uko, zitsulo zikulira pansi. Atelala diso linali pa kandodo ndi pa bondo la mpongozi. Kandodo sikanasunthe. Anatulukira tsidya lina ngati pa tala.

Wa thirakitala anali ataima pamtunda, tcheni chili paphewa.

"Aa, lero ganyu yanga yapita! Mwabwera ndi mankhwala, mayi?"

"Mankhwala ake ndine," anayankha Atelala osaseka. "Ndaona kuti mumakhaliratu wokonzeka."

"Ndikangomva kulira kwake ndimatengeratu tcheni. Imeneyi ndi kasitomala wanga."

Anakatsitsa matumba kuphiri, anaona nkhuku, natembenuka. Pobwerera galimoto inadutsanso bwinobwino.

"Ikuopa ine," anatero Atelala.

Make Phwiti anaimika galimoto pouma, nazimitsa injini. Anatembenukira apongozi ake.

"Amayi, mwabwera kudzandilonda. Sindikukana, londani. Koma londani zenizeni. Nthawi zonse imene imachita zimenezi ndimakhala ndekha. Tsikani, ndidutse ndekha inu mukuona."

"Kuti mukakagunde ndi bondo ine ndili kutali?"

"Ndiye mundimange miyendo."

Atelala anapisa m'thumba la epuloni natulutsa choko cholembera pansalu. Anapaka kandodo konse, kuyambira kumutu mpaka pansi, kanachita kuyera mbuu. Analembanso mzere pansi, pamene kandodo kanathera kali mu folo.

"Siketi yanu ndi yakuda, manja anu ndi oyera. Chikakhudza chilichonse, choko chinena. Manja onse pa chiwongolero. Tsitsani magalasi."

Anatsika n'kukakwera pa mulu wa njerwa zowotcha m'mbali mwa matopewo. Pamenepo ankaona bwino m'kati monse. Make Phwiti anatembenuza galimoto nalowanso, zigongono zili m'mwamba ngati munthu wowoloka mtsinje.

Pakati pa matope panali malo amene tayala limodzi linkagwera m'dzenje lina likukwera pachitumbi. Galimoto itafika pamenepo inapindika. Atelala anaona zinthu ziwiri nthawi imodzi. Pansi pa chitseko cha pambali, pamene iwo anatsikira, bodi inadzuka n'kusiyana ndi chesisi, mpata wolowa dzanja, kuwala kukuonekera. Ndipo m'katimo kandodo koyera kaja kanayamba kuyenda kokha, pang'onopang'ono ngati nkhono, kuchoka pa mzere. Kanati khu! Injini inalira mopanda pake, matayala akutsogolo anaima, akumbuyo anakumba, galimoto inakhala pansi.

Make Phwiti anatambasula manja pawindo, naonetsa siketi. Panalibe choko.

Atelala anatsika pa njerwa paja, anavula nsapato, analowa m'matope mpaka anafika pa kachitsulo kopondapo. Atangoponda, anamva bodi ikutsika pansi pawo n'kukhala pamalo pake.

"Lowetsani."

Kandodo kanalowa mosavuta mpaka pa mzere. Galimoto inadzikoka yokha n'kutuluka.

"Bwererani," anatero Atelala. "Nditsika."

Anatsika, inatitimira. Anakwera, inadutsa. Wa thirakitala anali atakhala pansi, akuseka mpaka kupukuta misozi.

"Mayi, mundigulitseko mankhwalawo!"

"Siyani kuonetsa mano. Nyamulani njerwa izi muike pampando apa. Zambiri ndithu, zolemera ngati ine."

"Ndiye tigwetsa uvuni wonse."

"Mukufuna buluku lanu lotsatira likhale lofika m'mawondo?"

Bamboyo anaunjika njerwa pampando ndi pansi pake. Make Phwiti analowa m'matope ali yekha ndi njerwazo. Bodi sinadzuke, kandodo sikanasunthe, galimoto inatulukira tsidya.

"Basi," anatero Atelala. "Siikuopa munthu. Ikungofuna katundu pampando uwu. Chotsani njerwazi, tipite kwa makaniko."

Njira yonse make Phwiti anayendetsa atakwinya nkhope. Atelala anaganiza kuti wakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Koma nthawi ndi nthawi mayiyo ankacheukira mpando wa pambaliwo, osati nkhope ya apongozi ake, koma mpando weniweniwo.

Makaniko anali bambo wa imvi, waulesi poyankhula. Atamva nkhani ya njerwa anasiya tiyi wake, anayala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto ndi tochi. Anakhalako kanthawi. Kenako anaitana kuti wina abweretse chitsulo chotemulira, anachilowetsa pansi pa bodi mbali ya chitseko cha pambali, nakanikiza. Ngodya yonseyo inadzuka. Anatuluka atagwira kachidutswa ka bauti.

"Nayi mfiti yanu. Bauti yomanga bodi pa chitsulo chokwezera chija yaduka pakati. Mutu wake unatsala pamalo pake, ndiye ukayang'ana umaona ngati zonse zili bwino."

"Nanga kandodo kakukhudzidwa bwanji?" anafunsa Atelala.

"Werameni muone." Anawalitsa tochi. "Kandodo kamakankha chitsulo chachitali ichi, ichi n'kukankha giya ya folo. Giyayo yakhala pa chesisi. Koma titakweza bodi, chogwirira cha chitsulochi tinachimangira ku bodi, mbali iyi. Ndiye bodi ikadzuka, imakoka chitsulo, chitsulo n'kukoka giya. Zili ngati inu kusokerera lamba wa diresi ku mpando. Munthu akadzuka?"

"Limamasuka. Inu poyesa simunaone bwanji?"

Makaniko anakanda m'mutu. "Poyesa ndimakhala pampando womwewo, mayi, kumvetsera. Ndimaikhalira nthenda ndekha. Koma n'zosavuta. Bauti yatsopano, chogwiriracho tichisamutsire ku chesisi, mawa muitenga."

Atelala anatenga kachidutswa kaja nakatembenuza m'manja. Poduka pake panali pofiira ndi dzimbiri.

"Yaduka liti?"

"Dzimbiri ili si la dzana. Imeneyi inaduka mvula isanayambe."

"Woyendetsa akakhala wonenepa, ngati mwana wanga, sizithandiza?"

"Ndiye zoipiratu. Zili ngati benchi. Mukakhala kumapeto uku, uko kumadzuka."

"Ndiye kuti munthu ali yekha sangadutse pa maenje paja."

"Ali yekha? Nyengo ino? Ayi. Pokhapokha atanyamula..." Makaniko anaima pakati pa mawu. Anayang'ana Atelala, anayang'ana make Phwiti, n'kuyamba kufunafuna sipanala imene inali m'manja mwake.

Atelala anakumbukira mpando wogonekedwa uja. Anakumbukira kachitsulo kopondapo kamene anawaikira iwo, iwo osakwerapo, koma penti yake inali itatha ndi mapazi. Anakumbukiranso mmene nsalu inang'ambikira sizasi isanafike. Anacheuka. Make Phwiti anali akuyang'ana kachitsulo komweko. Mayiyu anazindikira kalekale, pa njerwa paja.

"Musamange," anatero Atelala.

"Mayi, siyoyenera kuyenda chonchi nthawi yaitali."

"Mabauti enawo agwira mpaka Loweruka?"

"Agwira, mukamayenda mwaulemu."

"Ndiye isiyeni. Ndipo mukamuimbira foni mwana wanga, ovolosi yanu ili kwanga ija ndiisoka miyendo yonse pamodzi."

Kunyumba anangonena kuti ulendo unayenda bwino. Bambo a Phwiti anati, "Mwaona, amayi? Mukakhalapo inu siititimira," akuyang'ana mkazi wawo cham'mbali. Atelala anapitiriza kudya.

Loweruka m'mawa bambo a Phwiti anatuluka atameta ndevu, atavala malaya osita, fungo la mafuta onunkhira likuwatsogolera. Anapeza amayi awo atakhala kale pampando wa pambali, mkazi wawo ali kumbuyo.

"Mukupita kuti?"

"Kuphiri. Phwiti tamusiya kwa aneba. Nkhuku zako zimamva pafyumu?"

"Amayi, msewu ndi woipa. Msana wanu uja..."

"Msana ndi wanga. Liza."

Anatulutsa foni, Atelala anatambasula dzanja. "Poyendetsa sagwira foni. Bweretsa ndikusungire." Anaiponya m'thumba la epuloni, momwe munali choko ndi kachidutswa ka bauti.

Atadutsa msika, pa ngodya pamene pali sitolo yogulitsa utoto, phazi la bambo a Phwiti linachoka lokha pa mafuta, monga limachitira phazi lozolowera. Pamenepo panaima mayi wina wathupi, wa ambulera yachikasu, kachikwama kali m'manja. Anaponda sitepe imodzi kubwera kumsewu akumwetulira. Ataona mutu wa imvi pawindo, anatembenuka mwachangu n'kuyamba kuwerenga zitini za utoto. Bambo a Phwiti anaponda mafuta, maso ali mbali ina.

"Umawadziwa?" anafunsa Atelala.

"Ndani?"

"Palibe. Yendetsa."

Foni inanjenjemera m'thumba la epuloni, inasiya, inanjenjemeranso. Palibe anaitchula.

Atafika pa maenje Atelala anagwira pamtima. "Ima. Kupendekeka kuja kumandichititsa nseru. Ine ndi make Phwiti tiyenda pamtunda, tikumana tsidya."

"Amayi, ndi pafupi pomwepa."

"Si paja umadutsa wekha Loweruka lililonse? Dutsa. Mkazi wako aoneko mmene amuna amachitira."

Bambo a Phwiti anaseka, chifukwa za bauti sankadziwa kanthu. Anadikira kuti azimayiwo atsike, anakoka kandodo mwamatama, natulutsa chigongono pawindo.

"Uyang'anitsitse, make Phwiti! Palibe zamatsenga apa!"

Analowa. Pa dzenje paja galimoto inapindika, bodi inadzuka, kandodo kanati khu! Anakankha, kanakana. Anakankhanso ndi manja awiri, kanalowa theka n'kutuluka. Anaponda mafuta mwaukali, matayala akumbuyo anamwaza matope mpaka padenga, galimoto inakhala pamimba. Anatsegula chitseko kuti aone, phazi linatsetsereka, nsapato yopukutidwa bwino ija inalowa m'phala mpaka m'bondo.

"Waiononga!" anakuwa. "Mkazi ameneyu waiononga dala kuti anamizire! Sabata yatha inali bwinobwino!"

Atelala anali ataima pa mulu wa njerwa uja. Anatulutsa kachidutswa ka bauti nakakweza m'mwamba.

"Iyi inaduka mvula isanayambe. Makaniko wako ndiye wanena. Pampando wa pambali pakakhala popanda munthu, bodi imadzuka, folo n'kutuluka. Tayesa ndi ine, tayesa ndi njerwa. Munthu ali yekha sadutsa apa. Ndiye ndikufunse bwinobwino, mwana wanga: Loweruka lililonse umadutsa ndi yani?"

Bambo a Phwiti anapukuta matope kumaso.

"Ndimanyamula... anthu a m'njira. Munthu akandiimika."

"Sabata iliyonse? Ndipo aliyense amagoneka mpando chagada? Ali ndi mwayi anthu a m'njira. Unawaikiranso popondera." Foni inanjenjemeranso. Atelala anaigwira kunja kwa thumba. "Wa m'njira wako akuimba. Ambulera yamulemera."

Oumba njerwa anali atasiya zikombole. Wa thirakitala anatsika pamtunda ndi tcheni chake, koma ataona nkhope za anthuwo kuseka kunamuthera. Anaima patali.

"Khoswe wa padenga anaulula wa padzala," anatero Atelala, mawu atatsika. "Ine ndinabwera kwa iwe ndi bodza langa, iwe n'kulilandira ndi manja awiri chifukwa limakutsegulira njira. Unafuna kuti ndikuthamangitsire mkazi ndi pakamwa panga." Anatembenukira kwa mpongozi wawo. "Make Phwiti, ndinakuyezani molakwa. Pepani. Nyumba ija ndi yanga, ndinamanga ndi makina aja. Simuchokamo chifukwa cha uyu. Ngati chikwama chija chikufuna ntchito, malaya ake akwanamo."

Make Phwiti anayang'ana mwamuna wake, amene anali ataimirira ndi mwendo umodzi, akufufuza nsapato m'matope.

"Ndikoke, mayi?" anafunsa wa thirakitala chapansipansi.

"Ayi, bambo, zikomo," anatero make Phwiti. "Mwakoka mokwanira."

Anavula nsapato zake naziika m'manja mwa Atelala. Anakwinya siketi, analowa m'matope, nafika pa chitseko cha woyendetsa.

"Zungulirani uko, bambo a Phwiti."

"Ukuti chiyani?"

"Mukakhale pampando wa pambali. Ikufuna katundu."

Wina mwa oumba njerwa anaphulika kuseka, mnzake anamugunda ndi chigongono. Bambo a Phwiti anayang'ana amayi awo. Atelala anali akupukuta magalasi ndi epuloni. Anazungulira kutsogolo kwa galimoto akugwira bampala, nsapato imodzi ili m'manja, anaponda kachitsulo kaja, nakhala. Bodi inatsika. Make Phwiti anakoka kandodo, kanati gwa, pa mzere wa choko umene unali usanafufutike. Galimoto inabwerera m'mbuyo pang'ono, inadzikoka, n'kutulukira pouma.

Atelala anayenda pamtunda mpaka anaipeza. Anakwera kumbuyo movutikira, wa thirakitala akuwakankha pamsana iwo akumukalipira. Bambo a Phwiti anali atayang'ana mawondo awo.

"Makaniko akudikira," anatero Atelala galimoto itayamba kukwera phiri. "Ndimuuze amange Lolemba?"

"Chogwirira chija asamutse, ndatopa kusamba matope," anayankha make Phwiti, maso ali pamsewu. "Koma kachitsulo kopondapo adule. Inu ndizikuikirani kreti yopondapo."

"Nanga chikwama?"

"Chikhale kaye pomwe chili, amayi. Ndiona ndine ngati chimasulidwe."

Atelala anavomera ndi mutu. Zinali zoyenera. Foni inayambanso kunjenjemera m'thumba. Anaitulutsa, anaiyang'ana atatalikitsa dzanja, n'kuipereka kutsogolo, pakati pa mipando iwiriyo.

"Yankha, iwe. Uwauze kuti mpando wadzaza."